PHUNZIRO: KUPHUNZITSA ANA AANG'ONO ZA CHILENGEDWE KUDZERA M'SEWERO LA ZITHUNZITHUNZI NDI NYIMBO

Cholinga cha phunziro

Pakutha pa phunziroli mayi aliyense adziwe chimene sewero la zithunzithunzi lili, athe kukonza zipangizo zake ndi zinthu zopezeka pakhomo, amvetse chifukwa chake nyimbo ziyenera kuimbidwa pomwepo ndi anthu, ndiponso adziwe zoyenera kupewa kuti ana asachite mantha kapena kuvulala.

Mawu oyamba

Amayi okondedwa, ambiri a ife timalera ana aang'ono: athu, adzukulu, ana amasiye, komanso ana amene timawaphunzitsa ku Sande sukulu ndi ku sukulu za mkombaphala. Tonse tikudziwa kuti mwana wa zaka 2 mpaka 5 sangakhale phee kumvetsera phunziro lalitali. Mukamuuza kuti "tisamale chilengedwe," mawu amenewa amamukulira. Koma mwana yemweyo amatha kunjuta nthawi yaitali kuyang'ana mzere wa nyerere zikukoka chakudya, osafuna n'komwe kuitanidwa. Apa tikuona kuti mwana amaphunzira poona, pomva ndi pokhudza, ndipo chimene wachiona bwino n'kuchikonda ndi chimene adzachisamale akadzakula.

Ana ambiri a lero akukula pamalo poti mitengo inatha. Mwana wobadwira m'munsi mwa phiri la Ndirande, limene nkhalango yake inadulidwa m'zaka za m'ma 1990, angaganize kuti phiri limakhala lambee chomwecho chibadwire. Akuluakulu anati kuongola mtengo n'poyamba. Tsono phunziro lino likutipatsa njira imodzi yosafuna ndalama zambiri yothandizira ana kuyang'anitsitsa zamoyo zowazungulira.

1. Kodi sewero la zithunzithunzi n'chiyani?

Timapachika nsalu yoyera. Kuseri kwa nsaluyo timaika chounikira chimodzi. Pakati pa chounikiracho ndi nsalu timayendetsa zidole zaphanthiphanthi zodula pakatoni. Ana amakhala kutsogolo, ndipo amaona zithunzithunzi zakuda zikuyenda pansalu yowala. Kuwala kumayenda molunjika, sikukhota. Choncho chilichonse chimene chatchinga kuwalako chimajambulika pansalu monga momwe m'mbali mwake mulili.

Sewero lotere limawayenera ana aang'ono chifukwa pansalu sipakhala zinthu zambiri zosokoneza maso. Mwana amaona chinthu chimodzi pa nthawi imodzi: khosi lalitali la kakowa, chigoba cha fulu, makutu a kalulu. Akachizindikira amafuula dzina lake mosangalala, ndipo mawa akakumana nacho kumunda amachidziwa.

2. Zimene tingaphunzire kwa anthu a ku Java

Luso limeneli ndi lakale kwambiri m'maiko a ku Asia. Ku China zidole zake amazidula pachikopa kapena papepala, ndipo bungwe la UNESCO linaika sewero la kumeneko pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2011. La ku Turkey, lotchedwa Karagöz, linalowa pa mndandandawo mu 2009. Koma limene lingatithandize kwambiri ndi la pa chilumba cha Java m'dziko la Indonesia, lotchedwa wayang kulit, limene UNESCO inalilemekeza mu 2003. Mawu akuti kulit amatanthauza chikopa, pakuti zidole zake amazisema pachikopa cha njati zoweta.

Woyendetsa zidole kumeneko amatchedwa dalang. Amakhala pansi kuseri kwa nsalu, nyale ili pamwamba pa mutu wake. Kale nyaleyo inali ya mafuta, koma masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito magetsi. Iye yekha amayankhula mawu a zidole zonse. Kumbuyo kwake kumakhala gulu la oimba lotchedwa gamelan, lokhala ndi ng'oma ndi zoimbira zachitsulo, zina zofanana ndi mangolongondo athu. Sewero lathunthu limayamba madzulo n'kutha m'bandakucha, ndipo nkhani zake zambiri zimachokera m'mabuku akale a ku India otchedwa Ramayana ndi Mahabharata. Nkhani zimenezo ndi za chikhalidwe chawo, ndipo kutalika kwa sewerolo sikungawayenere ana athu. Ife titengepo nzeru zitatu za kachitidwe kake.

Nzeru yoyamba ndi thunthu la nthochi. Iwo amaligoneka m'munsi mwa nsalu, ndipo chidole chimene sichikuyenda amachizika pathunthupo ndi kamtengo kake kosongoka. Potero munthu mmodzi amatha kuonetsa zidole zingapo ngakhale ali ndi manja awiri okha.

Nzeru yachiwiri ndi mtengo. Ali ndi chidole china chooneka ngati tsamba lalikulu, chotchedwa kayon, chimene pamakhala chithunzi cha mtengo wokhala ndi nyama ndi mbalame. Sewero lisanayambe chidolechi chimaima pakati pa nsalu, ndipo likatha chimabwerera pomwepo. Dalang amachigwedezanso pofuna kuonetsa mphepo, moto kapena madzi. Mwana wamng'ono amakhazikika mtima akadziwa poyambira ndi pothera, choncho ifenso tikhale ndi mtengo wathu wotsegulira ndi kutsekera sewero.

Nzeru yachitatu ndi yakuti oimba amatsata woyendetsa zidole. Dalang amagogoda bokosi lamatabwa limene lili pambali pake pofuna kuwauza kuti ayambe, afulumire kapena aleke. Nyimbo ndi chidole zimayendera limodzi.

3. Chifukwa chake tiimbe tokha

Mwina wina anganene kuti, bwanji osangoika nyimbo pafoni kapena pawailesi? Yankho ndi lakuti wailesi siona nkhope za ana. Mayi amene akuimba ng'oma akaona kuti kamwana kena kayamba kukwinya nkhope, amachepetsa mphamvu ya dzanja. Akaona kuti ana aseka pamene chule wadumpha, amabwerezanso, chule n'kudumphanso. Komanso mwana akaona dzanja likugunda ng'oma, amamvetsa kumene phokoso likuchokera, ndipo nayenso amafuna kuyesa.

Njira yabwino ndi yopatsa chamoyo chilichonse choimbira chakechake. Mu 1936, katswiri wopeka nyimbo wa ku Russia, Sergei Prokofiev, analembera ana a ku Moscow nthano ya nyimbo ya mnyamata Peter ndi mmbulu. M'nthanoyo mbalame ili ndi chitoliro chake, bakha ali ndi choimbira chake, mphaka chake, ndipo mmbulu umamveka ndi malipenga. Mpaka lero nthanoyi imaimbidwa kwa ana m'maiko ambiri, chifukwa mwana akangomva kulira kwa choimbira amadziwa amene akubwera asanamuone.

Kwa ife zimenezi si zachilendo. Nthano za agogo athu zinali ndi nyimbo pakati, wokamba akutsogolera, ana akuvomera. Ngakhale poyambira penipeni, wokamba akati "Padangokhala," ana amayankha kuti "Tili tonse." Mwana wa kwathu kuno sanazolowere kuonera chete. Tisamuletse kuyankha, kuomba m'manja kapena kutsanzira kulira kwa nyama.

4. Zipangizo zofunika

Nsalu: yoyera ndi yopepuka, monga yoyala pabedi imene yayamba kutha. Imangidwe zolimba pa nsungwi ziwiri kapena pakhomo, isakhale ndi makwinya. M'munsi mwake tchingani ndi chitenje chakuda kapena tebulo logoneka cham'mbali kuti oyendetsa zidole asaoneke.

Chounikira: tochi ya foni kapena nyale ya sola. Chikhale chimodzi chokha, pakuti zounikira ziwiri zimatulutsa zithunzithunzi ziwiri za chidole chimodzi. Tochi ya timababu tambiri imachitanso chimodzimodzi, chithunzithunzi chimaoneka chambuu. Ikani chounikiracho pampando, mtunda wa mita imodzi kapena awiri kuchokera pansalu, ndipo chisamasunthe.

Ngati sewero lili masana, dzuwa ndi lokwanira. Sankhani zenera kapena khomo limene dzuwa likuwombapo m'mawa kapena chakumadzulo, pachikani nsalu pamenepo, ana akhale m'kati, oyendetsa zidole akhale panja.

Zidole: dulani pa makatoni a sopo kapena a mabisiketi. Jambulani nyama cham'mbali, osati chakumaso, chifukwa ndi m'mbali mwake mokha mmene mumaoneka. Kukula kwake kupose chikhatho cha munthu wamkulu. Boolani diso kuti kuwala kudutse. Sokererani kamtengo ka nsungwi ndi singano ndi ulusi. Mukafuna kuti mwendo kapena phiko liziyenda, lidulireni padera, lilumikizeni ndi mfundo ya ulusi, n'kuliikira kamtengo kakekake. Utoto ndi wosafunika. Masamba enieni, udzu, nthenga ndi ngaiyaye za chimanga zimatulutsa zithunzithunzi zokongola kuposa zodula.

Kumbukirani lamulo ili: chidole chikagunda nsalu, chithunzithunzi chimaoneka bwinobwino ndi kukula kwake kwenikweni. Mukachikokera kufupi ndi tochi chimakula kwambiri n'kuyamba kuzimiririka. Choncho mbalame imene ikuuluka kupita kutali muziibweza pang'onopang'ono kuchoka pansalu mpaka itazimiririka.

Zoimbira: ng'oma yaing'ono, chisekese, maseche, kalimba, chitoliro cha bango kapena cha phesi la papaya, botolo lapulasitiki lokhala ndi mchenga kapena mpunga pang'ono, ndi beseni la madzi.

Anthu: amayi anayi ndi okwanira. Awiri ayendetse zidole, mmodzi aimbe zoimbira ali poonekera pambali pa nsalu, ndipo mmodzi akhale pamphasa pamodzi ndi ana, akukamba nthano ndi kutsogolera nyimbo. Mutu umodzi susenza denga.

5. Chitsanzo cha sewero: Msangu ndi mbululu

Tasankha msangu chifukwa ndi mtengo wodabwitsa umene ana ambiri a kumudzi amauona m'minda. Mitengo yambiri imaphuka masamba mvula ikayamba, koma msangu umayoyola masamba ake nthawi ya dzinja n'kuphukanso m'chilimwe. Masamba ogwawo amaonjezera chonde m'nthaka, ndipo popeza mtengowo ulibe masamba nthawi yolima, sutchinga dzuwa ku chimanga chimene chili pansi pake. Dulani mtengo wopanda masamba, kenaka dulani masamba pakatoni ina yoti muziika ndi kuchotsa. Sewero lonse lisapitirire mphindi 10 kapena 15.

Gawo loyamba: Kwatentha. Msangu uli pakati pa nsalu ndi masamba ake. Woimba akugwedeza botolo la mchenga mosalekeza ngati kulira kwa nyenje mu Okotobala. Mbuzi ikubwera pang'onopang'ono, n'kugona pamthunzi. Wokamba afunse, "Kodi abwerawa ndani?" ndipo adikire kuti ana ayankhe okha.

Gawo lachiwiri: Mvula. Mtambo ukutulukira pamwamba. Nthambi zikugwedezeka, amayi akupemerera ndi pakamwa ngati mphepo. Ng'oma ilire kamodzi kapena kawiri motsitsa. Wokamba aonetse ana kugunda chala chimodzi pachikhatho, kenaka zala ziwiri, kenaka kuomba pantchafu. Anawo ndiwo akugwetsa mvula, ndipo chisekese chikungowathandiza. Kenaka abwerere ku chala chimodzi mpaka mvula itakata.

Gawo lachitatu: Zonse zadzuka. Ngumbi zikutuluka, zimene ndi timapepala tomangirira ku ulusi. Namzeze akuuluka mozungulira, chitoliro chikumutsata. Achule awiri akudumpha, woimba akukhwekhwereza kamtengo pa botolo la mizeremizere. Masamba a msangu akugwa, ndipo pansi pake chimanga chikumera, mayi akuchikweza pang'onopang'ono kuchokera m'munsi mwa nsalu.

Gawo lachinayi: Padziwe. Chule waikira mazira m'madzi. M'mazirawo mukutuluka mbululu, mutu ndi mchira basi, zikusambira motsatana ndi kalimba, dzanja likuvundula madzi m'beseni. Konzani zidole zinayi za mbululu: yopanda miyendo, ya miyendo yakumbuyo yokha, ya miyendo inayi ndi mchira waufupi, ndi kachule kopanda mchira. Ndondomeko imeneyi isasinthidwe, pakuti ndi mmene zimachitikiradi: miyendo yakumbuyo ndi imene imayamba kuoneka, yakutsogolo pambuyo, ndipo mchira suduka koma umafupika mpaka kutha. Nthawi iliyonse mbululu ikabisala kuseri kwa mwala, itulukeko itasintha. Ana amakonda kulosera chimene chituluke.

Gawo lachisanu: Mvula yatha. Kachule kakutuluka m'madzi, chimanga chakhwima, masamba a msangu akubwerera, ndipo mbuzi ija ikubweranso kudzagona pamthunzi. Mtengo utsale wokha pakati pa nsalu monga poyamba.

Pekani nokha kanyimbo ka mizere iwiri kokha, kosavuta kuvomera, koti kazibwera kumapeto kwa gawo lililonse. Mawu a wokamba akhale ochepa. Musaope kukhala chete kwa kanthawi kuti ana aone bwino.

6. Tinene zoona za chilengedwe

M'nthano zathu kalulu amayankhula ndipo fulu amaweruza milandu. Palibe cholakwika pamenepo, ana amadziwa kuti ndi nthano. Koma pamene tikuphunzitsa za moyo wa zolengedwa, tionetse zimene zimachitikadi. Tipewenso kupatsira ana mantha amene ife tinakula nawo. Ambiri tinauzidwa kuti kadzidzi ndi mbalame ya afiti ndipo kuti bilimankhwe ndi woopsa, n'chifukwa chake ana amazigenda akaziona. Zoona zake n'zakuti kadzidzi amadya makoswe ndi mbewa zimene zimaononga chimanga chathu, ndipo bilimankhwe alibe ululu, amangodya tizilombo monga ntchentche ndi ziwala. Sewero la bilimankhwe woyenda monyang'wa, kalimba akumutsata phazi ndi phazi, lingachotse mantha amenewa mosavuta. Koma za njoka ndi ng'ona tiwauze ana mosabisa kuti akaziona atalikire ndi kuitana munthu wamkulu.

7. Zoyenera kusamala

Moto: musagwiritse ntchito kandulo kapena koloboyi. Nsalu, makatoni ndi ana ambiri m'chipinda chimodzi, moto ukabuka ngozi yake ndi yaikulu.

Mdima: chipinda chisade bii. Siyani zenera limodzi lotsekula pang'ono kuti mwana aziona nkhope ya mayi amene wakhala naye. Ana osakwana zaka 3 akhale pamiyendo pa munthu amene amamudziwa. Mwana akalira, mutulutseni mwachifatse, musamukakamize kapena kumuseka.

Mantha a mizukwa: kwathu kuno chithunzithunzi ena amachiganizira za mizimu kapena zamatsenga. Choncho musanayambe, tengani ana kuseri kwa nsalu, aone tochi, agwire zidole, aike manja awo pa kuwala ndi kuona zithunzithunzi zawo. Itananinso makolo kuti adzaonere tsiku loyamba. Chinthu chimene mwana wachigwira ndi manja ake sachiopanso.

Phokoso: makutu a ana aang'ono sachedwa kupweteka. Ng'oma ikhale patali ndi mphasa ndipo iimbidwe ndi zala. Chidole chisakule modzidzimutsa pamodzi ndi phokoso lalikulu.

Ana amene anaona zoopsa: mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera, ndipo matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. M'madera otere, ndi kulikonse kumene madzi amasefukira, muli mabanja amene mtima umagunda mvula ikayamba kulira padenga, ndipo ana amatengera mantha a akuluakulu. Kumeneko chotsani bingu m'sewero, mvula ikhale yowaza, ndipo anawo akhale ndi mphamvu yoiyambitsa ndi kuiletsa ndi zala zawo. Musaonetse nyumba zikugwa kapena anthu akukokoloka.

Tizinthu tating'ono: mabotolo a mchenga, mpunga kapena nyemba atsekedwe zolimba, chifukwa mwana angameze kapena kuika m'mphuno. Timitengo tosongoka, singano ndi sizasi zikhale m'manja mwa akuluakulu okha.

8. Sewero likatha

Phunziro silithera pansalu. Tulukani ndi ana panja kuti akaone zenizeni. Aimeni padzuwa m'mawa, lembani pansi pamene chithunzithunzi cha mwana chafika, mudzabwerenso masana kuti aone kuti chafupika. Atoleni masamba a mango, a papaya ndi a chinangwa, muwaike kuseri kwa nsalu, iwo azitchula maina. Ngati pafupi pali msangu, kauoneni m'chilimwe ndi m'dzinja.

Mbululu musapite nazo kudziwe ndi ana, pakuti mwana wamng'ono amatha kumira ngakhale m'madzi ochepa, ndipo m'madzi odikha ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Munthu wamkulu atunge mbululu zingapo ndi chitini chomangirira kumtengo, aziike m'botolo loonekera m'kati, ana aone, ndipo tsiku lomwelo azibwezere kumene anazitenga. Kubwezako nakonso ndi phunziro. Nyengo yobzala mitengo ikafika mu Disembala, gulu libzale mtengo umodzi pamodzi ndi anawo, ndipo azisinthana kuuthirira.

Bwerezani sewero lomwelo milungu ingapo. Akulu timatopa nazo zobwereza, koma mwana amakondwa akadziwa chimene chikubwera. Pofika ulendo wachitatu kapena wachinayi, ana a zaka 5 angathe kuyendetsa okha mtambo ndi mbuzi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi mitengo, mbalame kapena nyama ziti zimene tinkaziona tili ana koma adzukulu athu sakuzidziwa? Zinapita kuti?
2. Ndi zamoyo ziti zimene timaopseza nazo ana kuti agone kapena aleke kulira? Kodi zotsatira zake zimakhala zotani?
3. M'gulu lathu ndani amadziwa kuimba ng'oma, chisekese kapena kalimba? Ndani ali ndi luso lojambula ndi kudula? Ndani amakamba bwino nthano?
4. Ngati kholo lina litadandaula kuti sewero lotere ndi lamatsenga, tingaliyankhe bwanji mwaulemu?
5. Kodi m'dera lathu muli ana amene anakumana ndi zoopsa za madzi, moto kapena mphepo? Tisinthe chiyani m'sewero chifukwa cha iwo?

Ntchito ya mwezi uno

Pa msonkhano wotsatira mayi aliyense abweretse katoni imodzi ndi kamtengo ka nsungwi, ndipo gulu lipeze nsalu, tochi ndi thunthu la nthochi. Dulani zidole za sewero la msangu, kapena sankhani mtengo ndi nyama zodziwika kwanuko, monga mlambe ndi nkhwazi kwa a kunyanja. Yeserani kawiri panokha, ena atakhala pansi pamphasa kuti aone monga momwe mwana adzaonere, kenaka itanani ana. Mlembi alembe zimene ana ananena ndi zimene anafunsa, kuti mudzagawane ndi magulu ena pa msonkhano wa parishi.